Musanagule Lole, Pezani Kaye Katundu

Asisi, lero tikambirane za malole.

Atsikana ambiri m'tauni muno akasonkhanitsa kandalama, kaya ka ku banki mkhonde, kaya ka geni ya kaunjika, kaya kochokera ku Joni, maganizo amathamangira ku saluni, ku shopu ya zovala kapena kagalimoto koyendera. Koma alipo ena amene ayamba kufunsa za lole, ndipo ine ndikuti akuganiza bwino. Dziko lathu lilibe doko ndipo katundu wambiri amayenda pamsewu. Simenti, njerwa, mchenga, chimanga, fodya, mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, tomato ndi kabichi wa ku Lizulu, mipando ya munthu amene akusamuka ku Area 25 kupita ku Area 36, zonsezi zimafuna lole. Ntchito ilipo ndithu.

Vuto ndi loti lole yakale ikhoza kumeza m'miyezi itatu ndalama zimene mwasunga zaka zisanu. Ndiye mfundo yanga ndi iyi: mkazi amene akugula lole yoyamba achite yekha kafukufuku, ayambire pa katundu amene adzanyamule, agule lole yaing'ono imene wayiona ndi maso ake, ndipo ilembedwe dzina lake. Zina zonse zimachokera pamenepa.

Ndikudziwa chimene ena mwanena kale mumtima. "Ine za injini sindizidziwa, bola ndiwapatse achimwene kapena ababa a kunyumba akandigulire." Tamverani. Amuna ambiri amene ali ndi malole sadziwanso kumasula injini. Amatenga makaniko, amafunsa anzawo, amazungulira m'magalaja. Kusiyana kwake n'koti iwo sachita manyazi kufunsa funso looneka lopusa. Thandizo la achimwene si loipa, apiteni nawo. Koma ndalama zikakhala zanu, mafunso akhalenso anu, ndipo mawu omaliza atuluke pakamwa panu. Safunsa adadya phula.

YAMBANI NDI KATUNDU

Anthu ambiri amagula lole kenako n'kuyamba kusaka ntchito. Umu ndi momwe malole amathera pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa. Musanatsegule tsamba lililonse la magalimoto, yankhani mafunso atatu: ndani adzandilipira, kangati pa sabata, ndipo lole idzayenda msewu wotani?

Mayankho ake ndi amene amasankha lole. Wonyamula mchenga ndi kwale amafuna tipa. Wonyamula matumba a chimanga, simenti kapena mabelo a fodya amafuna yotsegula kumbuyo. Wogawa katundu m'mashopu amafuna ya bokosi yoti mvula ndi akuba asalowe. Tipa yabwino bwanji siingakuthandizeni kusamutsa sofa ya munthu.

Kumbukiraninso kuti ntchito ya lole imayendera nyengo. Nthawi yokolola komanso msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, malole amasowa. Mvula ikayamba, zomangamanga zimachepa, misewu ya fumbi imasanduka matope, koma ngongole ya kubanki siidziwa kuti kunja kukugwa mvula. Kodi kuyambira Disembala mpaka Malichi lole yanu idzadya chiyani?

Pitani pamalo pamene malole amaimikidwa kudikira hayala. Khalani pamenepo m'mawa wonse, masiku angapo. Werengani kuti ndi angati achoka ndi katundu, ndi angati angowotha dzuwa. Chezani ndi madalaivala, afunseni mitengo ya hayala. Lankhulani ndi eni mahadiweya, omanga nyumba, amayi ooda tomato. Mukapeza anthu awiri kapena atatu amene amafuna lole sabata iliyonse, ndiye kuti bizinesi mwayipeza. Lole ndi chida chabe.

YAING'ONO SI YOCHITITSA MANYAZI

Kwa munthu woyamba, ine ndimalimbikitsa ya matani 2 kapena 3, monga Toyota Dyna, Mitsubishi Canter kapena Isuzu Elf. Imalowa m'tinjira ta ku Ndirande ndi ku Mtandire, imamwa dizilo wochepa, matayala ake ndi otsikirako mtengo, ndipo ntchito zing'onozing'ono zam'tauni sizitha. Lole yaikulu imapanga ndalama zambiri pa ulendo umodzi, zoona, koma ikaima imalumanso kwambiri.

Phunzirani kuwerenga kulemera kwa lole. Pali GVM, kutanthauza kulemera konse kumene lole ikuloledwa kufika itanyamula. Palinso kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Mukachotsera kwachiwiriku pa koyambako, chotsalacho ndiye katundu amene mungakweze. Wogulitsa akati "iyi imanyamula mpaka matani 5 osadandaula", musasangalale. Akukuuzani kuti wakhala akuyizunza. Kudzaza mopyola muyeso kumathyola masipuling'i, kumapinda chasisi, kumatha mabuleki, ndipo pa sikelo ya pamsewu kuli chindapusa.

Kulemera komweko ndiko kumanena laisensi yofunika. Laisensi ya B imathera pa makilogalamu 3,500. Kupyola apo mpaka 16,000 pamafunika C1. Woyendetsa lole ya malonda amafunikanso chiphaso cha PrDP. Dalaivala wopanda mapepala oyenera akachita ngozi, a inshulansi akhoza kukana kulipira, ndipo mtolo wonse ugwera inu mwini wake.

FUNSANI ZA MASIPEYA MUSANAFUNSE ZA MTENGO

Lole yakale idzawonongeka basi, palibe kuchitira mwina. Funso ndi loti ikawonongeka idzaima masiku awiri kapena miyezi iwiri. Tengani tsiku limodzi muzungulire mashopu a masipeya, ku Malangalanga ndi ku Biwi ngati muli ku Lilongwe, ku Limbe ndi ku Ndirande ngati muli ku Blantyre. Funsani mtengo wa kilachi, mainjekita, pampu ya madzi, mafiluta ndi giyabokosi ya mtundu umene mukuuganizira. Akayamba kukanda mutu n'kumati "tingakuitanitsireni", mwamva kale yankho.

Ichi n'chifukwa chake injini zakale monga 4D33 ya Canter, 4HF1 ya Elf ndi 14B ya Dyna zimakondedwabe. Amakaniko athu amazidziwa ndipo zida zake zimapezeka. Malole atsopanoko ali ndi kompyuta komanso sefa ya utsi yotchedwa DPF, imene imakonda kutsekeka lole ikamangoyenda timaulendo tifupitifupi tam'tauni. Si oipa ayi, koma amafuna makaniko wokhala ndi makina oyezera. Muyambe mwamupeza makanikoyo, kenako mugule.

KUITANITSA KU JAPAN KAPENA KUGULA KONKUNO?

Mtengo umene mumauona pa intaneti ndi chiyambi chabe. Onani ngati walembedwa FOB kapena CIF. FOB ndi mtengo wa lole itakwezedwa m'sitima ku Japan komweko. CIF ndi wophatikiza sitima ndi inshulansi mpaka padoko, nthawi zambiri la Dar es Salaam. Ikafika pamenepo pali zolipira padoko, ejenti, dalaivala ndi mafuta a ulendo wa makilomita oposa 900 kukafika pa Songwe, kenako msonkho wa MRA, kenako kulembetsa ku Road Traffic. Pitani nokha ku MRA ndi chaka cha loleyo, mtundu wake ndi kulemera kwake, akuuzeni msonkho musanatumize ndalama iliyonse. Kumva za msonkho lole ili kale pa boda ndi kumene kumagwetsa anthu m'manja mwa akatapila.

Palinso nkhani ya kwacha. Mu Meyi 2022 idagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Lole yoitanitsa imatenga masabata angapo panjira. Kwacha ikagwa lole ili panyanja, zolipira zonse zotsala zimene zimawerengedwa m'madola zimakwera tsiku lomwelo. Kupeza madola enieniwo kubanki nayonso ndi nkhani ina.

Ubwino woitanitsa ulipo. Lole yochokera ku Japan nthawi zambiri imakhala isanalawe misewu yathu ndi katundu wopyola muyeso. Ngati mwasankha njira imeneyi, funsani nambala ya chasisi, zithunzi za pansi pa lole, ndi pepala la kumsika kumene idagulidwa ngati lilipo. Madera achisanu a ku Japan amathira mankhwala a mchere m'misewu ndipo dzimbiri limadya chasisi. Lipirani ku akaunti ya kampani yokha, yomwe mwaitsimikiza pa tsamba lake lenileni. Munthu wa pa Facebook kapena WhatsApp amene akuti "tumizani dipoziti lero, pali wina akuyifuna" musiyeni ayigulitse kwa winayo.

Komabe kwa ulendo woyamba, ine ndimakonda lole imene ili kale m'dziko muno, yoti mungayigwire, kuyiliza ndi kuyiyendetsa. Mwina muwonjezerapo ndalama, koma mukugula chinthu chimene mwachiona.

TSIKU LOKAONA LOLE

Tengani makaniko wanu, amene mwamulipira inu, osati wobwera ndi wogulitsa. Valani zoti mutha kugwada nazo. Pitani m'mawa, ndipo muuzeni wogulitsa kuti asayilize musanafike. Gwirani injini. Ikakhala yofunda, dziwani kuti wina sakufuna muone momwe imavutira kulira ikazizira.

Ikalira, yang'anani utsi. Wabuluu ndiye kuti ikuwotcha oilo. Woyera wosaleka ngakhale injini itatentha umaloza ku madzi olowa mu injini. Wakuda bii umaloza ku mainjekita, pampu kapena filuta ya mpweya. Tsegulani chotsekera cha oilo injini ikulira. Mukaona ikupuma utsi wambiri pamenepo, injiniyo yatopa. Oilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndi chizindikiro choti wasakanikirana ndi madzi.

Kenako lowani pansi ndi tochi. Penti yatsopano isakunamizeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tsatirani chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, muone ngati pali ming'alu, powotcherera kapena dzimbiri lofumbutuka. Onani masipuling'i ngati ena athyoka. Onani ngati oilo akudontha pa giyabokosi ndi pa difu. Injini imakonzeka, koma chasisi yothyoka ndi matenda osachira.

Matayala nawo ali ndi tsiku lobadwa. Pambali pake pamakhala manambala anayi. Mukaona 2319, ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Lole zoterezi zimakhala ndi matayala 6 osawerengera la sipeya, ndiye ngati onse ndi okalamba, chotserani mtengo wake pa mtengo wa lole. Malole ambiri a ku Japan amayendera mabatire awiri, onani onse. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire kwambiri chifukwa amabwezedwa. Mpando wong'ambika, chiwongolero chosalala ndi zopondera zakutha zimanena zoona kuposa manambala.

Pomaliza iyendetseni, makamaka itanyamula katundu, pamtunda. Magiya onse alowe osalimbana. Kilachi isaterereke. Muvi wa kutentha usakwere. Mabuleki agwire osakokera mbali imodzi. Wogulitsa akakana zoyesa zimenezi, mutsanzikeni mwaulemu. Malole ogulitsa ndi ambiri, koma ndalama zanu ndi zomwezo.

MAPEPALA, NDI DZINA LIMENE LILEMBEDWEPO

Apa ndi pamene anthu amalirira kwambiri. Tengani Blue Book mufananize nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zadindidwa pa chitsulo. Nambala ikaoneka yopalidwa kapena yodindidwanso, chokanipo. Dzina la mu Blue Book lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akukugulitsani. Nkhani za "ndi ya achimwene ali ku Joni, anandisiyira" zimafuna kalata yovomerezeka, osati malumbiro. Funsani umboni woti msonkho wa MRA udalipiridwa. Ngati idachokera ku South Africa kapena dziko lina loyandikana nalo, apolisi atsimikize kuti si yobedwa. Fufuzaninso ngati siili pa chikole. Ku ofesi ya Registrar General kuli kaundula wa katundu amene adaperekedwa ngati chikole cha ngongole. Mukagula lole ya ngongole, eni ngongole adzabwera kudzaitenga pakhomo panu.

Lembani mgwirizano wogulitsana, pakhale mboni, lipirani kudzera kubanki kuti umboni utsale. Mukatero pitani limodzi ndi wogulitsa ku Road Traffic mukasinthe umwini. Osati mawa, osati "tikapeza mpata". Madobadoba amene amaima panja adzakuuzani kuti popanda iwo simungathe. Lowani nokha, imani pamzere, landirani lisiti ya boma. Onetsetsani kuti COF ndi inshulansi zili m'malo lole isananyamule thumba ngakhale limodzi. Dziwaninso kuti inshulansi yokakamizidwa ndi lamulo ija imalipira anthu ena amene mwawaononga, osati lole yanu kapena katundu wa kasitomala. Zimenezo zili ndi inshulansi yakeyake, kafunseni mitengo.

Tsopano dzina. Ngati ndalama ndi zanu, Blue Book ikhale ya dzina lanu. Gawo 24 la Malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa mkazi ufulu wokhala ndi katundu payekha kapena pamodzi ndi ena, kaya ali pabanja kaya ayi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa masiye. Malamulo ali kumbali yathu, koma kukhoti amafunsa umboni, ndipo pepala loyamba limene adzaliyang'ane ndi Blue Book. Chibwenzi chimatha, banja limagwedezeka, imfa siigogoda. Tsiku limenelo mawu oti "aliyense akudziwa kuti ndinagula ndine" sakuthandizani. Ngati mwasonkherana ndi amuna anu, mchemwali wanu kapena gulu, lembani kuti uyu waikapo zingati, uyu zingati, phindu muzigawana bwanji. Kulemba si kukayikirana. Ndi kuteteza ubale womwewo.

MASAMU A TSIKU NDI TSIKU

Musathere ndalama zonse pogula. Lole ikangofika imafuna oilo watsopano, mafiluta, mwina matayala ndi mabatire, inshulansi, COF ndi dizilo woyambira. Ngati mukagula mutsala opanda kanthu, ndiye kuti loleyo yakukulirani, fufuzani yotsikirapo.

Phunzirani kuwerengera ulendo. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 310, kupita ndi kubwera 620. Tiyerekeze kuti lole yanu imayenda makilomita 6 pa lita imodzi. Ndiye kuti mukufunika malita opitirira 100. Onjezerani zolipira pa zipata za Kalinyeke ndi Chingeni, zomwe mudutsapo popita ndi pobwerera. Onjezerani chakudya ndi malipiro a dalaivala ndi womuthandiza. Patulaninso kena ka matayala ndi sevisi, chifukwa kilomita iliyonse ikudya zimenezo ngakhale simukuona. Chotsala ndicho phindu. Lole ikabwerera yopanda katundu, theka la dizilo mwawotcha pachabe, ndiye katundu wobwerera naye muzimusaka lole isananyamuke. Ikaninso m'masamu masiku amene lole idzagone pamzere wa mafuta, chifukwa tonse tawaona masiku amenewo.

Za ngongole, katapila ayi, ngakhale mutapanikizika bwanji. Ya kubanki kapena ya ku SACCO muiyeze ndi mwezi woipa, osati wabwino. Ngati lole itaima mwezi wathunthu, mungabweze ndi chiyani? Mukasowa yankho, dikirani kaye.

Chomaliza ndi dalaivala. Iyeyu akhoza kukulemeretsani kapena kukusaukitsani. Kupopa dizilo, kunyamula katundu wamseri, kukweza anthu pamwamba pa matumba, zonsezi zimachitika mwini wake akamangodikira ndalama kunyumba. Funsani kumene adagwirako kale. Mulembereni mgwirizano, mumulipire bwino ndi pa nthawi yake, chifukwa dalaivala wanjala amadzilipira yekha. Ikani kachipangizo kolondolera galimoto. Sungani buku la makilomita ndi malita. Makasitomala azilipira pa nambala yanu ya Airtel Money, Mpamba kapena kubanki. Miyezi yoyamba kwerani nawo maulendo ena kuti mudziwe msewu, mitengo ndi makasitomala. Ndipo ngati mungathe, kapangitseni C1 yanu. Bwana amene amatha kukhala pa chiwongolero sanamizidwa wamba.

Mwina mukuti, aaa, zachuluka izi, bola ndingosiya. Nthawi zina kafukufuku wabwino amathera pomwepo, pa kusagula, ndipo kumeneko si kulephera. Mukhoza kuyamba ndi kupeza makasitomala n'kumachita hayala lole ya wina kwa miyezi ingapo. Mudzadziwa mitengo, nyengo, madalaivala okhulupirika ndi mtundu wa lole umene ntchito yanu ikufuna, musanaike ndalama zanu pachiswe. Tsiku lodzagula, lole idzapeza ntchito ikuyidikira.

Chimene sindikuvomereza ndi choti mtsikana asiye bizinesi ya mayendedwe chifukwa wina wamuuza kuti si ya akazi, kapena alowemo atatseka maso n'kupereka ndalama ndi dzina kwa munthu wina. Zonse ndalemba apazi palibe chofuna mphamvu za mwamuna. Zikufuna kope, cholembera, tochi, makaniko wabwino ndi kudekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, asisi.

Ngati muli ndi mnzanu amene akusunga ndalama za lole, mutumizireni izi asanapereke dipoziti.